Kurt Cobain Ankanena Poyera, Anthu Ankangomva Nyimbo

Madzulo a pa 18 Novembala 1993, mu situdiyo ya Sony mumzinda wa New York, gulu loyimba la Nirvana linajambulitsa pulogalamu ya MTV Unplugged, ya pa MTV, wailesi ya kanema yoonetsa nyimbo. Pulogalamuyi inkafuna kuti oyimba aphokoso atsitse zoyimbira zawo, ayimbe chapansipansi anthu atakhala pafupi. Mtsogoleri wa gululo, Kurt Cobain, anapempha kuti pansanja aikepo maluwa ambirimbiri ndi makandulo akuda. Wokonza pulogalamuyo anamufunsa ngati akufuna kuti pamalopo paoneke ngati pamaliro. Iye anavomera kuti n'zomwezo.

Kanema wake alipobe mpaka lero. Mnyamata wochepa thupi wakhala pampando wa muofesi, wavala juzi yakale yoyoyoka, gitala akuimenya ndi dzanja lamanzere. Akuseka pang'ono ndi anzake, akusuta fodya pakati pa nyimbo. Nyimbo yomaliza ndi yakalekale ya anthu akumidzi ku America, yomwe inatchuka ndi woyimba wakale Lead Belly. Chakumapeto kwake mawu a Cobain akukwera mpaka kusasa. Kenako akuima, akutsegula maso mwadzidzidzi, akukoka mpweya ngati munthu amene wavuuka m'madzi, n'kumaliza. Okonza pulogalamu anamupempha kuti awonjezere nyimbo ina, koma anakana. Miyezi 5 isanathe anali atamwalira, ali ndi zaka 27.

Anthu akamakamba za iye amakonda kunena kuti anali ndi mavuto obisika. Ine ndikawerenga mbiri yake sindiona munthu wobisa. Ndimaona munthu amene ananena za ululu wake m'nyimbo, kwa atolankhani, ngakhale pakhoma la kuchipinda kwake ali mwana. Chimene chinabisa ululuwo ndi mayina ena amene ankapatsidwa nthawi iliyonse ukaonekera: luso, nthabwala, m'mimba, ngozi. Ena mwa mayinawa ankawapereka ndi mwiniwake yemwe.

Anabadwa pa 20 Febuluwale 1967 ku Aberdeen, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa America. Ndi dera lamvula, ndipo anthu ake ankadalira ntchito yodula mitengo ndi kucheka matabwa, ntchito yomwe inali ikulowa pansi iye akukula. Bambo ake, Donald, anali makaniko. Achibale amati ali wamng'ono anali mwana wansangala, wokonda kuyimba ndi kujambula zithunzi. Ali ndi zaka 9 banja la makolo ake linatha, ndipo mayi ake, Wendy, anadzanena kuti mwanayo anasinthiratu, anayamba kudzipatula ndi kukwiyakwiya. Pakhoma la kuchipinda kwake analembapo kuti amadana ndi amayi, amadana ndi abambo, ndipo awiriwo amadananso. Mu 1993, ali kale munthu wotchuka padziko lonse, anauza mtolankhani wina kuti kutha kwa banjalo kunamuchititsa manyazi moti sankatha kuyang'anana ndi anzake kusukulu.

Mabanja amatha tsiku ndi tsiku ndipo ana ambiri amakula bwinobwino. Chimene chinamupweteka Cobain kwambiri ndi zomwe zinatsatira. Bambo ake anamulonjeza kuti sadzakwatiranso, koma anakwatira. Mayi ake anapeza mwamuna wankhanza amene anafika powathyola mkono. Mnyamatayo anayamba moyo wongosamukasamuka: kwa bambo, kwa agogo, kwa amalume ndi azakhali, kwa makolo a anzake, kulikonse osakhazikika. Aliyense amene anakulapo mongopatsirana pakati pa achibale amadziwa mmene mwana wotere amaphunzirira kudya mwamanyazi ndi kuyenda monyang'ama m'nyumba ya eni. Amayamba kukhulupirira kuti iye ndi katundu wolemetsa ena. Ganizo limeneli tidzalipezanso m'kalata yake yomaliza. Kuwonjezera apo, kubanja la bambo ake kunali achibale amene anadzipha, ndipo madokotala amadziwa kuti mbiri yotere imakweza chiopsezo kwa ena a m'banjamo.

Atakwanitsa zaka 14, amalume ake anamuuza asankhe pakati pa njinga ndi gitala yakale. Anasankha gitala. Sukulu anaisiyira panjira mu 1985 kutangotsala milungu yochepa kuti amalize, n'kumagwira maganyu osesa ndi kukolopa. Pambuyo pake ankauza anthu kuti anagonapo pansi pa mlatho wa mtsinje wa Wishkah, koma mnzake Krist Novoselic anati pamalopo munthu sangagonepo chifukwa cha matope ndi madzi osefukira. Nkhaniyi ndaitchula dala. Cobain ankakometsera mbiri yake, ankasakaniza zoona ndi zopeka, ndipo zimenezi zinachititsa kuti ngakhale omukonda avutike kudziwa pamene akunena zochokera pansi pa mtima.

Iye ndi Novoselic anayambitsa Nirvana mu 1987. Chimbale chawo choyamba, Bleach, chinatuluka mu 1989 kudzera ku kampani yaing'ono ya ku Seattle ya Sub Pop, ndipo kuchijambula kunangodya madola 606. Woyimba ng'oma Dave Grohl analowa gululi mu 1990. Kenako panabwera Nevermind pa 24 Seputembala 1991. Kampani ya DGC, yomwe inatulutsa chimbalechi, inatumiza m'masitolo a ku America makope osakwana 50,000 poyamba, poganiza kuti chimbalecho chiyenda pang'onopang'ono. Nyimbo ya "Smells Like Teen Spirit" itayamba kuulutsidwa pa MTV, zinthu zinathamanga kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Pofika Januwale 1992, Nevermind inali itachotsa chimbale cha Michael Jackson cha Dangerous pa nambala 1 ku America. Mpaka pano chagulitsidwa makope oposa 30 miliyoni. Miyezi yowerengeka izi zisanachitike, Cobain anali atathamangitsidwa m'nyumba ya lendi ku Olympia ndipo ankagona m'galimoto.

Apa m'pofunika kumvetsa kumene anachokera pa nkhani ya zoyimba. Iye anakulira m'gulu la achinyamata okonda nyimbo za punk, omwe lamulo lawo lalikulu linali lakuti woyimba weniweni sadzigulitsa kwa makampani akuluakulu. Kwa anthu amenewa kulemera ndi nyimbo kunali ngati kupereka abale ako. Ndiye taganizirani munthu amene moyo wake wonse ankafunafuna pokhala, wapapeza pakati pa anthu otere, kenako n'kudzuka ali pachikuto cha magazini iliyonse. M'mabwalo momwe ankayimba munayamba kudzaza anyamata a mtundu womwe unkamuzunza kusukulu. Zinamunyansa moti m'chimbale cha Incesticide cha mu 1992 analembamo kuti aliyense wodana ndi akazi, anthu a khungu lina kapena amuna ndi akazi okondana okhaokha asabwere kumakonsati ake ndipo asagule nyimbo zake.

Koma tisamupange woyera mtima amene kutchuka kunangomugwera. Ankakufuna. Amene ankayendetsa ntchito zake amati ankadandaula MTV ikachepetsa kuonetsa makanema ake. Mu 1992 anaumirira kuti gawo lalikulu la ndalama za kupeka nyimbo lizipita kwa iye, zomwe zinatsala pang'ono kupasula gululo. Anali munthu wofuna kukondedwa ndi dziko lonse, amene dziko litamukonda sanakhulupirire kuti likukonda iyeyo. Kukhala ndi mitima iwiri chonchi n'kotopetsa, ndipo anthu akunja ankangokuona ngati matama a mwana wolemera.

Nkhani ya m'mimba ndi imene ndikufuna tiimepo. Kwa zaka zambiri Cobain ankamva kupweteka koopsa m'mimba, kotentha ndi kosanzitsa, moti nthawi zina sankatha kudya. Anapita kwa madokotala osiyanasiyana ndipo palibe anapeza chenicheni chomwe chinkayambitsa. Iye ankati heroin ndi mankhwala okhawo amene ankamuziziritsa. Anali atailawapo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma chakumapeto kwa 1991 inali itasanduka chizolowezi. Ululuwo unali weniweni, ndipo palibe chifukwa chomutsutsira. Vuto ndi mmene mankhwala a mtundu umenewu amagwirira ntchito. Heroin ndi m'bale wake wa morphine, yomwe achipatala amapereka kwa odwala amene ali pa ululu waukulu. Imatontholetsa ululu wa m'thupi, komanso imaziziritsa mantha, manyazi ndi chisoni. Thupi silichedwa kuizolowera, ndiye pamafunika yambiri kuti munthu amve chimodzimodzi. Akaisiya amadwala: kusanza, kutsekula m'mimba, kupotokola, thukuta, kusowa tulo, ndi nkhawa yosaneneka. Onani msampha wake. Munthu amene anaiyamba pothawa kupweteka kwa m'mimba, akayesa kuisiya chimene chimamupeza choyamba ndi kupweteka kwa m'mimba komweko, kowirikiza. Pamenepo sangathenso kusiyanitsa matenda oyamba ndi chibaba, ndipo dokotala nayenso amasokonezeka.

Mawu akuti "m'mimba" analinso ndi ntchito ina. Ndi osavuta kuwanena. Mwamuna akati m'mimba mukundipweteka, anthu amamumvera chisoni n'kumufunira mankhwala. Akati sindikuonanso chifukwa chokhalira ndi moyo, ambiri amasowa choyankha, ena amamuuza kuti alimbe mtima. Izi si za ku America kokha ayi. Madokotala kulikonse amakumana ndi anthu ovutika maganizo amene amabwera akudandaula mutu, msana, mtima kuthamanga kapena m'mimba, chifukwa thupi ndi maganizo zimadwalira limodzi, ndipo chilankhulo cha thupi ndi chomwe anthu amachilandira mosanyoza.

Chaka cha 1992 chikanayenera kukhala chokoma kuposa zonse. Pa 11 Januwale Nirvana inayimba pa pulogalamu yotchuka ya Saturday Night Live, sabata yomwe inakwera pa nambala 1. Courtney Love, yemwe panthawiyo anali chibwenzi chake, anadzafotokoza kuti m'bandakucha wotsatira anamupeza ali pansi atakomoka ndi heroin, n'kumutsitsimutsa. Awiriwa anakwatirana pa 24 Febuluwale ku Hawaii. Mwana wawo, Frances Bean, anabadwa pa 18 Ogasiti ku Los Angeles. Masiku omwewo magazini ya Vanity Fair inatulutsa nkhani yonena kuti Love ankagwiritsa ntchito heroin ali woyembekezera. Iye anati anasiya atangodziwa kuti ndi wodwala pakati, koma akuluakulu oona za ana analowererapo ndipo khandalo analichotsa kaye m'manja mwa makolo ake. Nkhaniyo inatha m'chaka chotsatira atawabwezera mwanayo kotheratu. Akuluakuluwo anali ndi chifukwa chodera nkhawa, pakuti makolo onse awiri anali pa vuto la mankhwala. Komabe taganizani mmene zinamulasira munthu amene bala lake lalikulu linali kupasuka kwa banja, kuona banja lake likuweruzidwa m'manyuzipepala mwana asanakwanitse ndi mwezi womwe. Kuyambira pamenepo anaphunzira kuti kuulula vuto kungamulanditse mwana.

Patangopita masiku 12 mwanayo atabadwa, Nirvana inakayimba ku chikondwerero cha Reading ku England. Mphekesera zinali ponseponse kuti Cobain akudwala mwakayakaya. Iye anabwera pansanja akukankhidwa pa njinga ya odwala, atavala mkanjo wa m'chipatala, anadzigwetsa pansi, kenako anadzuka n'kuyimba konsati imene ambiri amati ndi yopambana pa zonse za gululo. Khamu linasangalala kuti wawayankha amiseche. Koma masabata omwewo anali atangochoka kumene m'chipatala kosiyitsa mankhwala. Anatenga chinthu choona, n'kuchisandutsa sewero, ndipo chitakhala sewero palibe anafunsanso.

Mu Julayi 1993 zinabwerezanso ku New York. Anakomoka ndi heroin kuhotela, Love anamubaya mankhwala otsitsimutsa, ndipo usiku womwewo anakwera pansanja ku Roseland Ballroom n'kuyimba ngati palibe chachitika. Oonerera sanadziwe kanthu. Apa m'pamene pamaonekera mmene ntchito ya zoyimba imagwirira munthu. Woyimba wamkulu amadyetsa anthu ambiri: anzake a m'gulu, oyendetsa ntchito zake, maloya, onyamula zida, kampani yojambula, eni mabwalo. Iye akagona, onsewa ntchito yaima. Sikuti anthuwa anali oipa mtima. Ambiri ankamukonda ndipo anayesetsa kangapo kumupititsa kuchipatala. Koma pamene aliyense akupindula munthu akaimirira, funso limene limafunsidwa m'mawa uliwonse limakhala lakuti "kodi atha kuyimba lero?" Funso lakuti "kodi akufunabe kukhala ndi moyo?" limasowa wolifunsa.

Chimbale chachitatu, In Utero, chinatuluka mu Seputembala 1993. Poyamba Cobain ankafuna kuchipatsa dzina lomwe tanthauzo lake ndi lakuti ndimadzida ndipo ndikufuna kufa. Novoselic anamuletsa poopa milandu. Mtolankhani David Fricke wa magazini ya Rolling Stone atamufunsa za dzinali, anayankha kuti inali nthabwala chabe, yoseka anthu amene ankamuona ngati munthu wongokhalira kudandaula. M'kucheza komweko, komwe kunasindikizidwa mu Januwale 1994, ananena kuti kwa zaka 5 zomwe ankavutika ndi m'mimba ankafuna kudzipha tsiku lililonse, ndipo kangapo anatsala pang'ono kutero. Anawonjezera kuti tsopano zinthu zili bwino ndipo sanakhalepo wosangalala chonchi. Mawu amenewa anawerengedwa ndi anthu mamiliyoni. Munthu sangalankhule momveka kuposa pamenepa. Koma poti anawakulunga ndi kuseka, n'kuwaika m'nthawi yakale, owerenga anatolapo mbali yotonthoza. Amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, koma uyu anali ataimirira pagombe akukuwa.

Konsati yomaliza ya Nirvana inachitika pa 1 Malichi 1994 ku Munich, m'dziko la Germany. Mawu ake anali atatha, madokotala anamupeza ndi matenda a pakhosi ndi pachifuwa, ndipo anapita ku Rome kukapuma. M'mawa wa pa 4 Malichi, Love anamupeza kuhotela ali chikomokere atamwa mapiritsi ambiri ogonetsa pamodzi ndi mowa. Anatsitsimuka kuchipatala patapita maola ambiri. Oyendetsa ntchito zake anauza dziko kuti inali ngozi. Iye atamwalira, Love ananena poyera kuti ku Rome kuja mwamuna wake anafuna kudzipha.

Mawu amodzi amenewa, akuti ngozi, ndimawaona olemera kuposa ena onse m'nkhaniyi. N'zomveka chifukwa chomwe anawasankhira: kuteteza mwana, kuteteza dzina, kupewa atolankhani. Koma madokotala a maganizo amadziwa kuti munthu amene wayesapo kudzipha amakhala pachiopsezo chachikulu choyesanso, makamaka m'masabata ndi miyezi yoyambirira. Ndi nthawi yomwe amafunika kuyang'aniridwa, kufunsidwa mosapita m'mbali, ndi kutalikitsidwa ku chilichonse chomwe angadzivulaze nacho. Anzake ena apamtima anakhulupirira zoti inali ngozi, ndiye analibe chifukwa chochitira chilichonse mwa zimenezi.

Pa 18 Malichi, kunyumba kwawo ku Seattle, Love anaitana apolisi kuti mwamuna wake wadzitsekera m'chipinda ali ndi mfuti. Apolisi analanda mfuti zomwe anapeza, koma iye anawauza kuti sankafuna kudzipha, ankangothawa mkangano. Pa 25 Malichi achibale, anzake ndi a kukampani anamukhalira pansi kumuuza kuti asiye mankhwala, apo ayi ataya banja ndi gulu lomwe. Anakwiya, koma pamapeto pake anavomera. Pa 30 Malichi analowa ku Exodus Recovery Center, chipatala chosiyitsa mankhwala cha ku Los Angeles. Ogwira ntchito kumeneko ankathandiza munthu wa heroin, osadziwa kuti milungu inayi yapitayo munthu yemweyo anafuna kuchotsa moyo wake. Omuyendera anamupeza akucheza bwino, akusewera ndi mwana wake. Usiku wa pa 1 Epulo anatuluka ngati akukasuta fodya, anakwera mpanda, n'kukakwera ndege yobwerera ku Seattle. Mundegemo anakhala moyandikana ndi Duff McKagan wa gulu la Guns N' Roses, yemwe anadzanena kuti mumtima anamva kuti chinachake sichili bwino. Kwa masiku angapo achibale ankamufunafuna. Pa 8 Epulo munthu wokonza zamagetsi anapeza thupi lake m'kachipinda ka pamwamba pa galaja kunyumba kwake. Opima mtembo anapeza kuti anadzipha pa 5 Epulo. Mphekesera zoti anachita kuphedwa zakhala zikuyenda kwa zaka zambiri, koma apolisi a ku Seattle ataunikanso nkhaniyi mu 2014 anafika pa mfundo yomweyo.

Kalata yomwe anasiya analembera Boddah, mnzake wongoyerekeza wa paubwana. Munthu wa zaka 27, wodziwika m'makontinenti onse, pa ola lomaliza anatembenukira kwa mnzake amene anamupeka ali kamwana banja lisanathe. M'kalatamo anati kwa zaka zambiri sankamvanso kukoma kwa kumvera kapena kupeka nyimbo, ndipo phokoso la khamu silinkamufika pamtima mmene linkachitira kwa Freddie Mercury, woyimba wa gulu la Queen, yemwe ankamusirira pa chimenecho. Anadziimba mlandu wonamiza anthu ponamizira kusangalala pansanja. Iye anazitenga ngati kulephera kwake pa khalidwe. Koma kusiya kumva kukoma kwa zinthu zomwe unkazikonda ndi chimodzi mwa zizindikiro zikuluzikulu zomwe dokotala amafunsa pofufuza matenda ovutika maganizo, ndipo heroin imakulitsa vutoli chifukwa imafooketsa mbali ya ubongo yomwe imamva chisangalalo. Analembanso kuti mwana wake adzakhala wosangalala popanda iye. Limeneli ndi bodza lomwe matendawa amauza pafupifupi aliyense amene amugwira, lakuti ndiwe mtolo ndipo okukonda apepukidwa ukachoka. Amene ali mkati mwa matendawa amalimva ngati choonadi chosatsutsika, ndipo n'chifukwa chake amafunika munthu wina woti alitsutse mokweza.

Atangomwalira, dzina lina latsopano linayamba kuphimba nkhaniyi: gulu la oyimba omwalira ali ndi zaka 27. Anthu anawerenga Brian Jones mu 1969, Jimi Hendrix ndi Janis Joplin mu 1970, Jim Morrison mu 1971, ndipo Amy Winehouse atamwalira mu 2011 anamuwonjezera pamndandanda. Zimamveka ngati tsoka lolembedwa kale, ngati nambalayo ili ndi mphamvu yake. Ofufuza anaziyesa. Kafukufuku wofalitsidwa mu magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2011 anaunika oyimba 1,046 amene zimbale zawo zinafikapo pa nambala 1 ku Britain pakati pa 1956 ndi 2007, ndipo sanapeze kuti zaka 27 zili ndi chiopsezo chapadera. Chomwe anapeza n'choopsa kuposa nthanoyo: oyimba otchuka a zaka za m'ma 20 ndi 30 ankamwalira kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi anthu wamba a msinkhu womwewo. Kafukufuku wina wa mu 2012, wotsogozedwa ndi Mark Bellis ku Liverpool, anaunika oyimba 1,489, mwa iwo 137 anali atamwalira. Pafupifupi theka la amene anafa ndi mowa, mankhwala kapena moyo woika pachiswe anali ndi mbiri ya zowawa za paubwana, monga nkhanza kapena kusokonekera kwa banja. Ofufuzawo anati mwina ana ovulala mumtima ndi amene amathamangira kunyimbo pofuna pothawira, kenako kutchuka kumawapatsa ndalama zogulira chilichonse chodzitonthoza nacho, osachiza balalo.

Wina anganene kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mwambiwu pano ndimaukana. Umachititsa imfa ya Cobain kuoneka ngati mtengo woyenera kulipira pa luso lake, ngati kuti akanachira nyimbo zikanatha. Anzake a m'badwo womwewo amene anasiya mankhwala n'kulandira chithandizo anapitiriza kuyimba mpaka imvi. Ndipo vutoli silisankha zaka. Pakati pa oyimba a ku Seattle komweko, Layne Staley wa gulu la Alice in Chains anamwalira ndi mankhwala mu 2002 ali ndi zaka 34, ndipo Chris Cornell wa Soundgarden anadzipha mu 2017 ali ndi zaka 52. Miyezi iwiri pambuyo pake mnzake Chester Bennington wa Linkin Park, amene ankanena poyera za nkhanza zomwe anachitiridwa ali mwana, anatsatira ali ndi zaka 41.

Pali chinthu chimodzi chomwe mzinda wa Seattle unachita bwino sabata ya maliro, ndipo sichikambidwa kawirikawiri. Akatswiri ankaopa kuti achinyamata ambiri atsanzira, pakuti zimadziwika kuti munthu wotchuka akadzipha nkhani yake n'kufalitsidwa mokometsera, ena amene anali kale m'mphepete amagwa. Pa 10 Epulo anthu pafupifupi 7,000 anasonkhana pabwalo la Seattle Center. Anawaseweretsa tepi ya Love akuwerenga mbali zina za kalata ija, akulira, akuitsutsa ndi kumukalipira mwamuna wake pa zomwe anachita. Sanaikometsere imfayo ngakhale pang'ono. Pamsonkhano womwewo panalankhulanso wa bungwe lothandiza anthu amene ali pamavuto a maganizo, ndipo manyuzipepala ndi mawailesi ankalengeza nambala zoimbira pofuna thandizo. Katswiri wa zamaganizo David Jobes ndi anzake atafufuza zomwe zinachitika m'masabata otsatira, anapeza kuti chiwerengero cha odzipha m'deralo sichinakwere, koma mafoni opempha thandizo anachuluka kwambiri. Mawu amene sanatchulidwe bwinobwino Cobain ali moyo anatchulidwa pabwalo atamwalira, ndipo achinyamata ambiri anaimba foni.

Frances Bean anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi 7 bambo ake akumwalira. Anawaona komaliza ku Exodus kuja, womulera atapita naye kukawazonda. Mu 2014 woyimba Lana Del Rey analankhula m'nyuzipepala ina mokhala ngati akusirira oyimba omwalira ali achinyamata, ndipo dzina la Cobain linatchulidwa m'kuchezako. Frances, ali ndi zaka 21, anamuyankha pa Twitter mwaulemu. Anati imfa ya oyimba achinyamata si chinthu chochikometsera, ndipo iye bambo ake sadzawadziwa chifukwa bambowo anamwalira akadali wachinyamata.